AMBUYE ADAM KOZŁOWIECKI (1911–2007): WANDENDE WA KU DACHAU AMENE ANADZAKHALA ARKIEPISKOPI WA LUSAKA

Ku Matero, ku Kanyama, ku Chawama, ku George, ku Kalingalinga ndi ku Mtendere nyumba zili zoyandikana kwambiri, kotero kuti Mkatolika, munthu wa Reformed Church, wa Anglican, wa Sabata ndi wa Mboni za Yehova amatunga madzi pa mpope umodzi, ndipo ana ao amaphunzira m'kalasi imodzi. Pamene anthu osiyana cipembedzo akhala pamodzi cotere, mau opweteka sasowa. Tsiku lina mwana afika kwa mphunzitsi akulira, kuti anzace amseka cifukwa ca korona imene wavala m'khosi. Tsiku lina kholo lifika litakwiya, kuti mphunzitsi wanyoza Mpingo, pamene iye anangophunzitsa mbiri ya Martin Luther monga momwe ili m'buku. Milandu iwiriyi imabwera ndi dzina limodzi, lakuti tsankho, koma si yofanana. Ndipo mphunzitsi wa ku mudzi amakomana nayo monga mnzace wa m'tauni. Moyo wa munthu mmodzi amene anatsogolera Akatolika a m'makomboni amenewa ungathandize kusiyanitsa ziwirizi, pakuti iye anaona ndi maso ace cidani ceniceni, ndipo analawanso kudzudzulidwa kwa masiku onse.

Ubwana ndi unsembe

Adam Kozłowiecki anabadwa pa 1 Epulo 1911 ku Huta Komorowska, m'dziko la Poland, m'banja la eni minda ndi nkhalango. Ali mnyamata anaphunzira pa sukulu ya Ajezuiti ku Chyrów, ndipo kumeneko mtima wace unayamba kufuna unsembe. Atate ace sanakondwere nazo konse, pakuti anali kuyembekeza kuti mwanayo adzasunga cuma ca banja. Koma Adam sanabwerere m'mbuyo. M'caka ca 1929 analowa m'gulu la Ajezuiti ku Stara Wieś, nasiya colowa cace. Ataphunzira ku Kraków ndi ku Lublin, anadzozedwa unsembe pa 24 Juni 1937.

Atate aja anatsutsa zolinga za mwana wao, ndipo kutsutsako kunali kowawa. Koma sikunali kudana ndi Mpingo. Anali makolo oopa kutaya mwana, monga momwe makolo ambiri a kuno amacitira mwana akafuna kupita ku seminale kapena ku usisitere. Munthu akakana cinthu cimodzi ca Mpingo pa cifukwa cimene angathe kucifotokoza, sanasanduke mdani wa Akatolika ai.

Zaka zisanu ndi theka m'ndende

Pa 1 Seputembala 1939 asilikali a Jeremani, pansi pa Adolf Hitler ndi cipani cace ca Nazi, analowa m'Poland. Pa 10 Novembala caka comweco apolisi acinsinsi ochedwa Gestapo anafika pa nyumba ya Ajezuiti ku Kraków, nagwira Bambo Kozłowiecki pamodzi ndi anzao 24. Anawatsekera coyamba m'ndende ya Montelupich, pambuyo pace ku Wiśnicz. Mu Juni 1940 anawatengera ku Auschwitz, kumene Bambo Adam anapatsidwa nambala 1006 m'malo mwa dzina. Ndipo mu Disembala caka comweco anawatumiza ku Dachau, pafupi ndi mzinda wa Munich.

Ku Dachau ndiko kumene a Nazi anasonkhanitsa atsogoleri a mipingo ocokera m'maiko ambiri. Onse pamodzi analipo 2,720, ndipo mwa iwo 2,579 anali ansembe acikatolika. A ku Poland okha anali 1,780, ndipo 868 a iwo sanatulukemo amoyo. Anafa ndi njala, cisanu, nchito yakalavula gaga, matenda ndi kumenyedwa. Ena madokotala a m'ndendemo anawapatsa dala malungo kuti ayesere mankhwala pa matupi ao. Bambo Kozłowiecki anakhala m'menemo kufikira pa 29 Epulo 1945, tsiku limene asilikali a America anatsegula zipata. Pambuyo pace analemba buku la zimene anaziona, lochedwa Ucisk i strapienie, ndiko kuti kuponderezedwa ndi cisoni.

Pa zaka zonsezo sanaimikidwe pa bwalo la milandu. Panalibe mboni yonena kuti anaba, anapha kapena ananamiza munthu. Anagwidwa cifukwa ca cimene anali, osati cifukwa ca cimene anacita. Umu ndimo mmene tsankho limadziwikira koposa: munthu aweruzidwa nchito zace zisanaonedwe, ndipo mlandu wace ndi dzina la gulu lace basi.

Komabe coonadi cifuna kuti nkhaniyi inenedwe yonse. Cidani ca a Nazi sicinali ca cipembedzo cokha. Iwo anafuna kudula mutu wa mtundu wa Poland, ncifukwa cace anagwira ansembe pamodzi ndi aphunzitsi, madokotala ndi ena ophunzira, popeza anthu ankawamvera. Ngakhale m'kati mwa Dachau munali kusiyanitsa: ansembe a ku Jeremani analoledwa kupemphera m'kacipinda ka Misa, koma kuyambira kumapeto kwa 1941 a ku Poland analetsedwa kulowamo. M'ndende zomwezo munalinso a Mboni za Yehova, amene anakana kulambira Hitler. Ndipo Ayuda anazunzika koposa onse, pakuti anaphedwa okwana ngati 6 miliyoni. Munthu wotuluka m'malo otere sakanatha kuganiza kuti tsankho ndi tsoka la Akatolika okha.

Ulendo wa ku Kasisi

Atamasulidwa, Bambo Kozłowiecki anafika ku Roma, ndipo akulu a gulu lao anawapempha kuti apite ku Northern Rhodesia, kumene Ajezuiti a ku Poland anali ocepa ndi otopa. Iwo anavomera, ndipo mu 1946 anafika pa misyoni ya Kasisi, kufupi ndi Lusaka, imene Bambo Jules Torrend anaiyamba mu 1905. Kumeneko anaphunzira zinenero za anthu, nayendera midzi, nayang'anira masukulu ndi aphunzitsi ace.

Mpingo umene anaupezawo unali ndi zipsera zace kale. Mu Okutobala 1910 ufumu wa ku Portugal unagwa, ndipo Boma latsopano linalamula kuti Ajezuiti onse acoke m'maiko ace. Lamulolo linafika ndi ku Zambezi komwe. Ansembe a ku Boroma, pafupi ndi Tete, ndi a ku Miruru, pafupi ndi Zumbo, anasiya nyumba, masukulu ndi akhristu ao. Ena a iwo anaoloka Luangwa nalowa m'dziko lolamulidwa ndi Angerezi, kumene anamanga misyoni ya Katondwe. Apanso panalibe wansembe amene anazengedwa mlandu wace wa iye yekha. Anapitikitsidwa onse cifukwa ca dzina la gulu lao.

Panalinso zipsera za mtundu wina. Kum'mawa kwa dziko, a Dutch Reformed Church anayamba nchito ku Magwero mu 1899, ndipo ansembe a White Fathers anafika ku Kachebere mu 1903. Mbali ziwirizi zinalimbirana midzi ndi masukulu kwa zaka zambiri, ndipo mfumu ikalandira mphunzitsi wa mbali imodzi, mbali inayo inkaona ngati yaberedwa. Adachi ankati Aroma apembedza mafano. Aroma ankati Adachi ndi ampatuko otayika. Kumpoto, m'zaka za m'ma 1930, mphekesera ya banyama, anthu amene ankanenedwa kuti amagwira anzao ndi kuwapopa magazi, inagwera ansembe ena a White Fathers. Zinthu izi ziyenera kusiyanitsidwa. Kukangana ngati nkoyenera kuika zithunzi za oyera m'chalichi ndi mkangano wa ciphunzitso, ndipo mbali iliyonse ili ndi zifukwa zace zimene ingazinene poyera. Koma kunena kuti wansembe amamwa magazi a anthu ndi bodza lopangitsa mantha, limene lingathe kuphetsa munthu wosalakwa.

Mbusa wa m'tauni

Mu 1950 Bambo Kozłowiecki anapatsidwa udindo woyang'anira Akatolika a cigawo ca Lusaka. Mu 1955 anadzozedwa kukhala Episkopi, ndipo mu 1959 anakhala Arkiepiskopi woyamba wa Lusaka. Mzindawo unali likulu la dziko kuyambira 1935, ndipo anthu anali kubwera ambirimbiri kudzafuna nchito. Matero inamangidwa ndi Boma kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 kuti mukhale anchito acikuda. Koma nyumba sizinakwane, cotero anthu ena anadzimangira okha pa mafamu akale a Azungu, ndipo makomboni monga Kalingalinga, Kanyama, George ndi Chawama anakula motero. Mtendere inatsegulidwa pambuyo pa ufulu.

M'makomboni amenewa malire akale a mamisyoni anatha mphamvu. Ku mudzi kunali kotheka kuti munthu akule osaona mpingo wina koma wa kwao. M'tauni Mcewa wa ku Katete wobatizidwa kwa Adachi anapezeka wogundana khomo ndi Mbemba wa ku Kasama wobatizidwa kwa Aroma, ndipo ana ao anayamba kukwatirana. Maina onyozana aja anabwera nao m'katundu, koma tsopano wonyozedwayo anali mnansi wobwerekana naye mcere ndi wothandizana naye pa maliro.

M'masiku amenewo tsankho lalikulu la mu Lusaka silinali la cipembedzo, koma la khungu. M'masitolo ena munthu wakuda ankagulira pa kazenera ka pambali, pamene Mzungu ankalowa pakhomo. Masukulu, zipatala ndi malo okhala zinali zolekanitsidwa. Mu 1953 Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinakhazikitsidwa, anthu akuda atacikana. Ambiri anadzudzula mamisyoni, ndi a Katolika omwe, kuti anali cete pamene anayenera kulankhula, ndiponso kuti Azungu ena opemphera sanali kufuna kugwada pafupi ndi anchito ao.

Munthu amene anazunzikapo cifukwa ca unsembe wace akanatha kumva mau otere ngati cizunzo cinanso. Koma zocita za Ambuye Adam zisonyeza kuti anawamva monga mau ofunika yankho. Mu Januwale 1958 iwo pamodzi ndi Maepiskopi anzao a mu Northern Rhodesia anatulutsa kalata yopita kwa Akatolika a mitundu yonse, yophunzitsa kuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa Mulungu, ndi kuti kusankhana cifukwa ca khungu sikugwirizana ndi Cikhristu. Azungu ena sanaikonde kalatayo. Akulu akale anati wakutsina khutu ndi mnansi. Amene anadzudzula Mpingo pa nkhani ya khungu anali kuutsina khutu, ndipo Mpingo unapindula pomvera.

Pali nthawi zina pamene kudzudzula koyenera ndi tsankho zimasakanizika m'nkhani imodzi, ndipo citsanzo cace cinaoneka kwa anansi a ku Nyasaland m'zaka zomwezo. Mu Okutobala 1960 nyuzipepala ya Malawi News, ya cipani ca Malawi Congress Party, inaukira Arkiepiskopi Theunissen wa ku Blantyre, kuti ndiye anali kumbuyo kwa cipani catsopano ca Christian Democratic Party cotsogoleredwa ndi a Chester Katsonga. Kufunsa ngati Episkopi akulowerera ndale ndi funso limene munthu aliyense angafunse, ndipo Episkopi ayenera kuliyankha. Koma mau a nyuzipepalayo anapitirira, nasonyeza Mpingo wonse ngati cida ca ulamuliro wacilendo wa ku Vatican. Pamenepo Mkatolika wamba, amene anali kulira ufulu monga wina aliyense, anasanduka wokayikiridwa m'dziko lace lomwe.

Msonkhano wa ku Vatican ndi nkhani ya masukulu

Mu 1961 Maepiskopi a kum'mawa ndi pakati pa Afrika anakomana ku Dar es Salaam, nayamba bungwe limene linadzachedwa AMECEA, ndipo Ambuye Kozłowiecki anasankhidwa kukhala wapampando woyamba. M'zaka zomwezo anayambitsa gulu la masisitere a m'dziko momwemo, lochedwa Handmaids of the Blessed Virgin Mary. Kuyambira 1962 kufikira 1965 anakhala nao pa Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican. Mu 1964 msonkhanowo unavomereza poyera kuti pa kugawanika kwa Akhristu anthu a mbali zonse ziwiri analakwa, ndipo unaphunzitsa Akatolika kuona Akhristu a mipingo ina monga abale. Mu 1965 unaphunzitsa kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa cipembedzo, ndipo asakakamizidwe kucita zotsutsana ndi cikumbumtima cace. Motero Mpingo unadziika wokha pa muyeso umene unali kufuna kuti ena auyesere nao.

Dziko la Zambia litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, panabuka nkhani imene inakhudza aphunzitsi mwacindunji. Lamulo la maphunziro la 1966 linapatsa Boma mphamvu zambiri pa masukulu amene anamangidwa ndi mamisyoni, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 Akatolika anapereka masukulu ao a pulaimale m'manja mwa Boma. Ambiri zinawawawa, pakuti anaumba njerwa za masukuluwo ndi manja ao. Koma lamulolo linagwera mamisyoni onse mofanana, ndipo linali ndi cifukwa cimene Boma linacinena poyera, cakuti ana onse a dziko aphunzire mwa dongosolo limodzi. Munthu angathe kunena kuti lamulolo linali lolakwika, koma sangalifanizire ndi lamulo la ku Portugal la 1910, limene linasankha gulu limodzi ndi kulipitikitsa.

M'zaka zomwezo amene anasalidwa koposa m'masukulu a Zambia anali ana a Mboni za Yehova, amene ankacotsedwa sukulu cifukwa cokana kuimba nyimbo ya fuko ndi kucitira sawaca mbendera. Ndipo mu 1968 ndi 1969 nyumba zao ndi malo ao opempherera zinatenthedwa m'madera ena. Mkatolika amene aphunzira mbiri ya ku Dachau sangaone zotere ndi kunena kuti sizimkhudza.

Kutula udindo

Mu 1969 Ambuye Kozłowiecki, ali ndi zaka 58 zokha ndiponso ali ndi mphamvu, anatula pansi udindo wao kuti mwana wa dziko la Zambia atsogolere Mpingo wa mu likulu. Papa Paulo VI anavomera, ndipo pa 1 Ogasiti caka comweco anadzoza a Emmanuel Milingo, a ku Chipata, ku Kampala. Kwa zaka zambiri anthu anali kunena kuti Mpingo wa Katolika ndi wa Azungu, ndi kuti ansembe acikuda sapatsidwa mipando. Mau amenewo anali ndi coonadi m'kati mwace, ndipo Ambuye Adam anawayankha mwa kunyamuka pa mpando.

Sanabwerere ku Ulaya. Anapita kukagwira nchito ya wansembe wamba pa mamisyoni a ku midzi, monga Chingombe ndi Mumbwa, ndipo zaka zao zotsiriza anakhala ku Mpunde, kufupi ndi Kabwe. Ngakhale Ajeremani sanawasungire cakukhosi: anabwerera ku Dachau kukapemphera, ndipo anakhala paubwenzi ndi Akatolika a ku Munich. Pa 21 Febuluwale 1998 Papa Yohane Paulo II anawapatsa ulemu wa Ukadinala, koma iwo anapitiriza kukhala ku Mpunde monga kale. Anamwalira ku Lusaka pa 28 Seputembala 2007, ali ndi zaka 96, atakhala m'dzikoli zaka 61, ndipo anaikidwa pa Cathedral of the Child Jesus mu mzindawo.

Zimene mphunzitsi angatolepo

Mwambi uja wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola ndi woona pa nsomba, koma ukagwiritsidwa pa anthu ndiwo muzu wa tsankho. Wansembe mmodzi akalakwa, kunena za kulakwa kwaceko si tsankho, ndipo Akatolika amene abisa zotere auvulaza Mpingo wao. Tsankho liyamba pamene kulakwa kwa mmodziyo kwasenzetsedwa onse, kufikira mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene sadziwa kanthu.

Cotero mlandu wa mtundu uwu ukafika pa sukulu, mphunzitsi wanzeru ayambe wafunsa zinthu zitatu. Coyamba, kodi zonenedwazo ndi zoona, ndipo wonenayo angalole kuti amsonyeze pamene waphonya? Amene anena kuti Akatolika amalemekeza Maria Woyera wanena zoona, ngakhale iye asagwirizane nazo; amene aumirira kuti amayesa Maria kukhala Mulungu, atauzidwa kale kuti Mpingo suphunzitsa tero, wasankha bodza. Caciwiri, kodi mauwo akhudza ciphunzitso ndi nchito zooneka, kapena aweruza munthu cifukwa ca dzina la mpingo wace lokha? Cacitatu, kodi muyeso womwewo ugwiritsidwa pa onse? Sukulu imene iletsa korona koma ilola zizindikiro za mipingo ina yacita tsankho. Comweconso sukulu ya Katolika imene ipatsa ana ace malo apatsogolo ndi kukankhira ana a Sabata kumbuyo.

Poyesa motere, milandu iwiri ija ya paciyambi isiyana poyera. Mwana wosekedwa cifukwa ca korona walakwiridwa, pakuti wanyozedwa pa cimene ali, ndipo mphunzitsi ayenera kumteteza pamaso pa kalasi yonse. Kholo lokwiya ndi phunziro la Martin Luther lilandiridwe mwaulemu, lipatsidwe mpando, ndi kusonyezedwa bukulo. Ngati phunzirolo linaperekedwa moona ndi mopanda cipongwe, palibe colakwa cimene cacitika, pakuti Mpingo womwe unavomereza mu 1964 kuti pa kugawanika kuja zolakwa zinali mbali zonse. Wochula dzina la tsankho pa mkangano uliwonse amalicepetsa mphamvu, kotero kuti tsiku limene mwana wasalidwadi, anthu sadzamveranso kulira kwace.